Khoswe akakhala pa mkhate

Amalume anga anagwira ntchito yaupolisi zaka zoposa 30, ndipo tsopano amakhala ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka kuno ku Zambia, kumene amaweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba n'kumadandaula za mtengo wa chakudya cha nkhukuzo. Ndimapita kukawaona Lamlungu masana. Pa nkhani zambiri timagwirizana msanga, koma pali imodzi imene takhala tikuibwereza kwa zaka zingapo osaimaliza, nayo ndi iyi: kodi ndi liti pamene wapolisi ali ndi chifukwa chomveka chogwiritsira ntchito ndodo, utsi wokhetsa misozi kapena mfuti pa anthu amene atuluka m'misewu kukaonetsa kukwiya kwawo?

Nkhaniyi ndinaiyamba ndine, tsiku lina nditabwera maso ali psuu. Dzulo lake ndinali pamsika wa m'komboni mwathu ndikugula ndiwo, pamene gulu la anyamata amene ankathamangitsidwa kuchokera kumsewu waukulu linalowa pakati pa mabenchi. Sindinaone mwala uliwonse ukuponyedwa pamalo pamene ndinaima, ngakhale ena anati kumsewuko miyala inali itauluka kale. Chimene ndinaona ndi kachitini kotuwa kakugubuduka pansi pa benchi la tomato, kakulira ngati tayala lomwe labooka. Mayi amene ndinkagula kwa iwo sanathawe nthawi yomweyo. Anayamba aviika chitenje m'ndowa ya madzi owazira ndiwo, n'kuphimba nacho nkhope ya mwana amene anali kumbuyo, kenako n'kuyamba kuthamanga, patapata mmodzi atamusiya pomwepo. Utsi umenewu ukakupeza sumangolira. Khosi limatsekeka, pachifuwa pamatentha ngati wameza tsabola, ndipo kwa kanthawi umakhulupirira ndithu kuti mpweya watha padziko. Ndalama ya tomato uja ndinakapereka patapita masiku awiri.

Nditawafotokozera zonsezi, amalume sanafulumire kuteteza anzawo. Anandiyang'ana kaye, kenako anati: "Mwanawe, iwe unaona utsi. Sunaonepo anthu chikwi akubwera kumene waima, iwe uli ndi anzako khumi."

Iwo anaziona zimenezo mu June 1990, ali wapolisi wachinyamata wongotuluka kumene kusukulu ya apolisi ya ku Lilayi. Boma la Kenneth Kaunda litakweza mtengo wa ufa kuposa kuwirikiza kawiri, ophunzira a pa yunivesite ya UNZA anayamba zionetsero, makomboni anawatsatira, masitolo anathyoledwa, ndipo m'masiku ochepa okha anthu oposa 20 anali atafa. Kumapeto kwa mwezi womwewo msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, ndipo ngakhale zimenezo zinatha m'maola ochepa, dziko silinakhalenso chimodzimodzi, chifukwa chaka chotsatira kunachitika chisankho cha zipani zambiri. Ife timaikumbukira nthawiyo ngati chiyambi cha ufulu. Amalume amaikumbukira ngati masiku amene anagona ndi nsapato kuphazi, ndiponso pamene mnzawo wina anathyoledwa nsagwada ndi njerwa. Amati gulu la anthu likakwiya limakhala ndi phokoso lake, losiyana ndi la mpira kapena la maliro, ndipo ukalimva mawondo amafooka kaya wavala yunifomu kaya ayi.

Ine mantha amenewo sindiwapeputsa, ndipo ndimatsutsana ndi anzanga amene amalankhula ngati kuti wapolisi aliyense wonyamula chishango ndi chilombo. Pali nthawi zimene mphamvu imafunika, ndipo wapolisi amene angaime manja ali m'thumba pa nthawi zoterozo ndiye kuti walephera ntchito yake. Tonse tikukumbukira kuchiyambi kwa 2020, pamene mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku zinafalikira kuchokera ku Copperbelt mpaka kuno ku Lusaka. Anthu ambiri anaphedwa ndi magulu okwiya, ena kuwotchedwa amoyo, popanda umboni wina uliwonse kupatula kuti anali achilendo m'deralo kapena ananyamula chikwama. Munthu akagwetsedwa pansi, wina wabweretsa tayala, wina akutsegula chigubu cha petulo, wapolisi ayenera kulowapo ndi mphamvu zonse zimene zingapulumutse moyo umenewo, ndipo ngati wogwira machesi sakumva chenjezo, ine sindingamudzudzule wapolisi amene wamuloza ndi mfuti. Apolisi nawonso amafa. Ku Malawi, mu October 2019, wapolisi wina wamkulu, Usumani Imedi, anagendedwa mpaka kufa kwa Msundwe pa nthawi ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho. Anali ndi banja ngati ife tomwe.

Koma nkhani ya kwa Msundwe yomweyo ili ndi mbali yachiwiri. Apolisi amene anapita m'midzi yozungulira pambuyo pa imfa ya mnzawo anachitira nkhanza amayi ndi atsikana, kuphatikizapo kuwagwiririra, ndipo mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Amayiwo sindiwo anagenda. Apa m'pamene ine ndi amalume timayambira kusiyana, chifukwa mphamvu imene inali yoyenera pa mphindi imene mwala unali m'manja mwa munthu, siikhalanso yoyenera mawa lake, pakhomo pa munthu wina.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Sananene kuti khosweyo ndi wosalakwa, ndipo sananene kuti mwini nyumba alibe ndodo. Ananena kuti pali malo ena pamene kumenya kumaswa chinthu cha mtengo wapatali kuposa chimene ukufuna kupha, choncho umadikira kuti atsike, kapena umapeza njira ina yomutsitsira. M'gulu la anthu zikwi ziwiri, oponya miyala amakhala ochepa, ndipo ena onse, pamodzi ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu, ana ochokera kusukulu ndi okwera minibasi, ndiwo mkhate uja. Vuto la apolisi athu, monga ndimaonera ine, n'lakuti pa tsiku la zionetsero amatsatira mwambi wina, wakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mwambi umenewo ndi wabwino pamsika wa nsomba. Ukaugwiritsa ntchito uli ndi mfuti m'manja, zotsatira zake timazidziwa ndi mayina.

Mapenzi Chibulo, mtsikana wa zaka 22 wotsatira chipani cha UPND, chimene panthawiyo chinali chotsutsa boma, anawomberedwa pa 8 July 2016, apolisi ataletsa msonkhano wa chipanicho ku Chawama. Vespers Shimuzhila, wophunzira wa chaka chachinayi pa UNZA, anafa mu October 2018 ali m'chipinda chake chogona, usiku umene ophunzira ankachita zionetsero chifukwa cha kuchedwa kwa ndalama zawo za chakudya. Utsi wokhetsa misozi unaponyedwa m'zipinda, moto unabuka, ndipo iye anabanika. Frank Mugala, mnyamata wa zaka 14, anawomberedwa ku Chazanga mu February 2020 akuchokera kusukulu, pamene apolisi ankabalalitsa anthu okwiya ndi nkhani ya opopera mankhwala ija. Pa 23 December 2020, tsiku limene mtsogoleri wa UPND, Hakainde Hichilema, anaitanidwa kulikulu la apolisi kukafunsidwa mafunso, anthu awiri anafa ndi zipolopolo chapafupi pomwepo: Joseph Kaunda, wotsatira UPND, ndi Nsama Nsama Chipyoka, loya wa boma woimira milandu, amene anangotuluka mu ofesi kukagula chakudya. Ndikayang'ana mayina amenewa ndimaona chinthu chimodzi chimene chimandisowetsa tulo. Wina anali m'chipinda, wina anali ndi mabuku, wina ankagwirira ntchito boma lomwelo limene linagula chipolopolocho. Chida chimene chimati chikaponyedwa n'kupeza anthu otere sichinalunjikitsidwe pa munthu woopsa. Chinaponyedwa pa gulu.

Amalume amayankha kuti zionetsero zambiri mwa zimenezi zinalibe chilolezo. Mawu akuti chilolezo amenewa ndi amene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa apha anthu ambiri kuposa miyala. Lamulo la Public Order Act linakhazikitsidwa mu 1955 ndi boma la atsamunda, pa nthawi imene cholinga chinali kuletsa anthu akuda kusonkhana n'kumakambirana za ufulu wawo. Titalandira ufulu mu 1964 sitinalitaye. Amene analizunzikira aja analisunga bwinobwino m'kabati, ndipo boma lililonse lobwera lakhala likulipeza lokoma likangokhala pampando. Mu 1996, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake asanu ndi awiri, khoti la Supreme linagamula kuti kukakamiza anthu kupempha chilolezo kwa apolisi asanasonkhane n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, amene mu gawo 21 amapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake. Lamulolo litakonzedwa, chimene chinatsala n'chakuti okonza msonkhano adziwitse apolisi kutatsala masiku asanu ndi awiri. Kudziwitsa ndi kupempha ndi zinthu ziwiri zosiyana, monga mmene kuuza mnansi wako kuti Loweruka pakhomo pako padzakhala chinkhoswe kumasiyanirana ndi kumupempha kuti akulole kukwatira. Komabe kwa zaka zonsezi, m'kamwa mwa apolisi ngakhalenso mwa atolankhani, mawu akuti "alibe chilolezo" sanachokemo, ndipo yankho lakuti apolisi ndi ochepa kapena kuti chitetezo sichili bwino lakhala likugwira ntchito imene chilolezo chinkagwira kale. A UPND anadandaula nalo lamuloli ali kotsutsa n'kulonjeza kulisintha, ndipo atalowa m'boma mu 2021 zipani zotsutsa zinayamba kudandaula ndi mawu omwewo amene iwo ankanena.

Tiyerekeze tsono kuti anthu alakwiradi lamulo, sanadziwitse aliyense, angotuluka ndi zikwangwani n'kutseka msewu wa Great East. Kulakwa kumeneko kuli ndi chilango chake, ndipo chilangocho amapereka ndi majisitireti, osati wapolisi wa pamsewu. Msonkhano wosatsata ndondomeko ndi msonkhano wachiwawa si chinthu chimodzi. Mfundo za bungwe la United Nations zokhudza kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ndi mfuti, zimene anagwirizana ku Havana mu 1990, chaka chomwecho cha zipolowe za ufa, zimasiyanitsa zimenezi momveka bwino. Zimati pobalalitsa msonkhano wosaloledwa koma wopanda chiwawa, apolisi apewe kugwiritsa ntchito mphamvu, ndipo ngati n'kosatheka kupewa, agwiritse ntchito yochepetsetsa. Za mfuti zimati ndi yodzitetezera kapena kuteteza ena pamene imfa kapena kuvulala koopsa kuli pafupi kuchitika, ndipo kuwombera ndi cholinga chakupha n'kololedwa pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo. Mu 2020 komiti ya bungwe lomwelo yoona za ufulu wa anthu inawonjezera kuti mfuti isagwiritsidwe ntchito pongofuna kubalalitsa gulu, ndiponso kuti utsi wokhetsa misozi usaponyedwe m'malo otsekeka. Utsiwo anaupangira kuti munthu athawe. Ukauponya m'chipinda cha pansanjika chimene chili ndi khomo limodzi, wamuuza kuti athawire kuti?

Malamulo athu ndi otakasuka kuposa pamenepa, ndipo n'chifukwa chake amalume akamanena kuti anyamata awo amatsata lamulo, nthawi zina amakhala akunena zoona. Gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko limateteza moyo, koma limanenanso kuti munthu saonedwa kuti walandidwa moyo mosemphana ndi lamulo ngati wafa chifukwa cha mphamvu yoyenerera imene yagwiritsidwa ntchito poteteza munthu kapena katundu, pomanga wolakwa, kapena pothetsa zipolowe. Lamulo la milandu nalo lili ndi ndondomeko yakale ya atsamunda, yakuti mkulu wa apolisi kapena majisitireti alengeze m'dzina la mtsogoleri wa dziko kuti anthu abalalike, ndipo akapanda kutero, mphamvu itha kugwiritsidwa ntchito. Mawu amene amandivuta ndi akuti katundu. Ndikudziwa kuwawa kwa munthu amene sitolo yake yathyoledwa. Mlamu wanga anataya firiji ndi katundu yense wa m'kantemba kake pa chipolowe china, ndipo ngongole yake anabweza zaka ziwiri. Wakuba ameneyo agwidwe, amangidwe unyolo, akaonekere kukhoti, ndipo ngati akulimbana ndi omugwira, ndodo igwire ntchito mpaka pamene wagonja, osapitirira apo. Koma mnyamata amene akuthawa ndi thumba la ufa pamutu saopseza moyo wa munthu aliyense, ndipo dziko lathu, limene linathetsa chilango cha imfa mu December 2022 ngakhale kwa opha anzawo, silingalole kuti chilango chomwecho chiziperekedwa pamsewu chifukwa cha thumba la makilogalamu 25.

Pamene ndafika tsopano m'maganizo anga ndi apa: funso lakuti kodi wapolisi anayenera kuwombera kapena ayi timalifunsa mochedwa, ndipo timafunsa munthu wolakwika. Timaloza mnyamata wa zaka 23 amene anakoka chowombera, thukuta lili m'maso, mwala utangomuphonya. Koma chigamulo chenicheni chimapangidwa m'mawa, kunja kusanatenthe, pamene mkulu wina wakhala pa desiki n'kusankha kuti atumize anthu angati, awapatse zishango ndi zipewa zachitsulo kapena mfuti zankhondo, alankhule ndi atsogoleri a zionetsero kapena awatsekere m'chitokosi usiku wake, asiye msewu umodzi wotseguka woti anthu athawiremo kapena atseke yonse. Amene watumiza apolisi khumi opanda zishango, koma aliyense ali ndi AK-47, kukakumana ndi anthu chikwi, wasankha kale zimene zichitike, chifukwa wawasiyira zida ziwiri zokha, miyendo yothawira ndi chipolopolo. Ku Marikana, ku South Africa, kumene apolisi anapha ogwira ntchito m'migodi 34 pa 16 August 2012, komiti yofufuza inamva umboni wakuti m'mawa wa tsikulo apolisi anali ataitanitsa kale zipolopolo 4,000 ndi magalimoto anayi onyamula mitembo. Sindikudziwa umboni wina woposa umenewu wosonyeza kuti imfa za pa zionetsero sizigwa ngati mphezi.

Luso lake lilipo, ndipo si lachilendo kwa ife. Ku Kamfinsa, kufupi ndi Kitwe, kuli sukulu ya apolisi imene ntchito yake ndi yomweyi yophunzitsa kasungidwe ka bata pagulu. Amalume amafotokoza bwino kwambiri zimene ankaphunzitsidwa: kuyamba ndi kuonekera chabe, kenako kulankhula pa chimkuzamawu, kuchenjeza, kupereka nthawi yoti anthu achoke, kukankha ndi zishango, kutulutsa m'gulu munthu mmodzi amene akuyambitsa chiwawa, ndipo utsi ubwere pambuyo pa zonsezo. Ndikawafunsa chifukwa chimene makwerero onsewa amadumphidwira pa tsiku lenileni, amayamba kunena za kuchepa kwa zipangizo, koma akatopa amanena chimene chili kumtima, kuti lamya ikalira kuchokera kumwamba, mkulu wa pamalopo amaopa kuchotsedwa ntchito kuposa mmene amaopera kupha munthu. Ndipo tonse taona kuti makwerero aja amakumbukiridwa bwino pamene oguba ndi makada a chipani cholamula. Iwowo amaperekezedwa ndi galimoto ya apolisi kutsogolo, ngakhale atanyamula zikwanje. Ngati mphamvu ikusankha anthu potengera mtundu wa malaya amene avala, ndiye kuti sikuteteza bata; ikuteteza mpando.

Chotsala ndi zimene zimachitika mtembo ukapita kuchipatala chachikulu cha UTH. Tili ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Commission, limene linafufuza imfa ya Vespers komanso ya Nsama ndi Joseph Kaunda n'kuloza chala apolisi. Tilinso ndi Police Public Complaints Commission, kumene munthu angakadandaule. Pa nkhani ya December 2020 akuluakulu ena a polisi anachotsedwa pa maudindo awo ndipo wapolisi mmodzi anaimbidwa mlandu wakupha, zomwe sizichitikachitika. Ku Malawi, pambuyo pa 20 July 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero zotsutsa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ambiri a iwo ku Mzuzu, kunakhazikitsidwa komiti yofufuza, koma mabanja anadikira chilungamo zaka ndi zaka. Chipukuta misozi chikaperekedwa chimachokera ku misonkho yathu, kutanthauza kuti mayi wa tomato uja amalipira nawo utsi umene anapuma mwana wake. Mphamvu imene ili yoyenera siopa kufunsidwa. Wapolisi amene anawombera kuti apulumutse munthu wovekedwa tayala angathe kuima pamaso pa woweruza n'kunena kuti ndinawombera uyu, pa chifukwa ichi, nditachenjeza kawiri, ndipo mboni zidzamuvomereza. Amene sangathe kutchula munthu amene ankamulunjika ndiye amafuna kuti buku la kosungira zida lisowe.

Za buku limeneli ndinazimva kwa amalume omwe. Lamlungu lapitali, tikusankha mazira osweka pa thireyi, anandiuza kuti wapolisi akamatenga mfuti amasainira nambala yake ndi chiwerengero cha zipolopolo, ndipo pobweza amawerenganso pamaso pa wosunga zida. Ananena monyadira, kuti ndione kuti ntchito yawo ili ndi dongosolo. Ndinawafunsa ngati mu June 1990 anawerenga.

"Tinawerenga," anatero. "Anandipatsa 20, ndinabweza 17. Zitatuzo ndinawombera m'mwamba, mwanawe, sindinaloze munthu."

"Nanga amalume, zinakagwera kuti?"

Anatenga dzira limodzi, naliyang'anitsitsa padzuwa ngati akufuna mng'alu umene panalibe, n'kuliika pa thireyi ya abwino. Kenako anaitana mdzukulu wawo kuti akathire madzi m'khola, poti nkhuku zinali zitayamba kulira.